Kusamuka kwa malikulu kwadzutsanso funso la mzinda woyenera kukhalamo

LILONGWE: Lamulo lomwe mtsogoleri wa dziko lino, Pulofesa Arthur Peter Mutharika, adapereka m'mwezi wa Okutobala 2025 loti malikulu a nthambi zinayi za boma achoke mumzinda wa Lilongwe lidadzutsanso nkhani yomwe yakhala ikusautsa ogwira ntchito m'boma kuyambira pomwe likulu la dziko lino lidachoka ku Zomba mu 1975.

Malinga ndi lamulolo, bungwe loyendetsa zisankho la MEC, bungwe loyang'anira ntchito zofalitsa mauthenga la MACRA komanso bungwe la nyumba la Malawi Housing Corporation adauzidwa kuti abwerere ku Blantyre, pamene likulu la nthambi ya ndende lidauzidwa kuti libwerere ku Zomba. Nthambi zonsezi zidali zisadakhalitse ku Lilongwe pomwe lamuloli linkatuluka.

Zokambirana zambiri zomwe zidatsatira pa wailesi ndi m'nyuzipepala zidakhudza ndale, malamulo ndi ndalama zomwe boma lingagwiritse ntchito posamutsa maofesi. Mbali yomwe sidamveke kwenikweni ndi ya wogwira ntchito mwiniwakeyo. Ofesi ikasamuka, iye alibe chonena pa za komwe azikagwirira ntchito, koma amayenera kugamula yekha za komwe mkazi kapena mwamuna wake ndi ana azikhala.

Funsoli si la ogwira ntchito m'nthambi zinayizi okha. Chaka chilichonse maofesi oona za ogwira ntchito m'maunduna ndi m'makhonsolo amalandira makalata a aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi ndi makalaliki a m'maboma monga Nsanje, Neno, Ntchisi ndi Chitipa, opempha kuti asamutsidwire ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu. Zifukwa zolembedwa m'makalatamo zimakhala za matenda, za banja kapena za maphunziro, ndipo zambiri mwa izo zimakhala zoona. Koma pali chifukwa china chomwe sichilembedwa poti palibe bwana angachivomereze: munthu watopa ndi malo oti dzuwa likangolowa kumangoti zii, ndipo akufuna kukakhala kumene kuli piringupiringu.

Chifukwa chimenechi si chachibwana monga momwe akuluakulu ena amachionera. Mnyamata kapena mtsikana wongomaliza kumene maphunziro a ukachenjede akatumizidwa kuboma komwe kuli banki imodzi ndi msika womwe umadzaza tsiku limodzi pa sabata, amasowa anzake a msinkhu wake, amasowa kokaonera mpira waukulu, ndipo ena amadera nkhawa za komwe angapeze womanga naye banja. Zimenezi zimakhudza kagwiridwe ka ntchito. Chofunika kuchiunika ndi chakuti chikoka cha mzinda chimachokera kuti, ndipo wolandira malipiro a boma angachikwanitse mpaka pati.

Kwa zaka zambiri, munthu akanena za mzinda wachikoka m'dziko muno ankatanthauza Blantyre. Mzindawu udayamba ndi mishoni ya mpingo wa ku Scotland mu 1876, ndipo amalonda a ku Mandala, njanji ndi mafakitale zidaukuza kufikira pomwe udaphatikizana ndi Limbe mu 1956. Zomba idali likulu la boma la atsamunda kuyambira mu 1891, koma ndalama zidali ku Kabula. Kalembera wa mu 1966 adapeza anthu 109,461 mumzinda wa Blantyre, pamene Lilongwe idali ndi anthu 19,425 okha.

Dziko lino litangolandira ufulu wodzilamulira, Dr. Hastings Kamuzu Banda adaganiza zosamutsira likulu ku Lilongwe ndi cholinga choti chitukuko chifalikire m'zigawo za pakati ndi kumpoto. Bungwe la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange mzinda watsopanowu, ndipo ntchitoyo idayamba ndi ngongole yochokera ku South Africa. Omwe adakonza mapulani adafuna mzinda wotakasuka wa mitengo yambiri. Adagawa malo m'madera a manambala, ndipo adaika Capital Hill ndi City Centre kutali ndi tauni yakale, pakati pake n'kusiyapo nkhalango.

Ogwira ntchito m'boma omwe adasamukira kumeneko m'zaka za m'ma 1970 adapeza maofesi atsopano okongola, koma mzinda wopanda mtima. Nthawi yoweruka ikakwana, ku City Centre kunkangotsala alonda, ndipo dzina loti "mudzi waukulu" lidaumatirira mzindawu kwa nthawi yaitali. Ambiri omwe adali ndi galimoto ankaona Lachisanu ngati tsiku lolowera kummwera.

Ziwerengero za ofesi ya National Statistical Office zikuonetsa momwe zinthu zidasinthira. Mu 1977 Lilongwe idali ndi anthu 98,718 ndipo mu 1987 adafika 223,318. Mu 1998 Blantyre idali ikadali patsogolo ndi anthu 502,053 poyerekeza ndi 440,471 a ku Lilongwe. Kalembera wa mu 2008 ndiye adaonetsa koyamba kuti Lilongwe yapitirira, ndi anthu 674,448 pamene Blantyre idali ndi 661,256. Pofika mu 2018, Lilongwe idali ndi anthu 989,318, Blantyre 800,264, Mzuzu 221,272 ndipo Zomba 105,013.

Izi zikutanthauza kuti padadutsa zaka 33 chisamukireni likulu kuti kalembera aonetse Lilongwe ili patsogolo, ndipo sizidangochitika zokha. Banki yaikulu ya Reserve idasamutsira likulu lake kumeneko mu 1981, bwalo la ndege la Kamuzu lidayamba kugwira ntchito mu 1983, ndipo maofesi a akazembe ndi a mabungwe othandiza dziko lino adakhazikika komweko. Nyumba ya Malamulo idakhalabe ku Zomba mpaka mu 1994. Ngakhale pambuyo pake, m'zaka za ulamuliro wa Dr. Bakili Muluzi yemwe ankakhala ku Sanjika, nduna ndi alembi a maunduna ankathera nthawi yambiri pamsewu wa pakati pa mizinda iwiriyi. Malemu Pulofesa Bingu wa Mutharika ndiwo adakakhala ku Lilongwe mu 2004 n'kulamula kuti ntchito za boma ziziyendetsedwa kuchokera kulikulu. Nyumba ya Malamulo yatsopano idatsegulidwa mu 2010, ndipo bwalo la zamasewero la Bingu lidatsegulidwa mu 2017.

Masitolo akuluakulu, mahotela, sukulu zomwe si zaboma ndi malo achisangalalo monga a ku Bwandilo zidabwera potsatira malipiro a anthu amenewa. Chikoka chomwe Lilongwe ili nacho lero chidamangidwa ndi ndalama za mwezi ndi mwezi za ogwira ntchito m'boma, m'maofesi a akazembe ndi m'mabungwe omwe si aboma.

Blantyre nayo sidagwe. Bwalo lalikulu la apilo, msika wa masheya, bungwe lotolera misonkho la MRA, bungwe la ESCOM, wailesi ya MBC, makampani a nyuzipepala a Times ndi Nation komanso malikulu a mabanki angapo ali komweko. Chionetsero cha zamalonda chimachitikira ku Chichiri, ndipo mpira wa pakati pa Bullets ndi Wanderers umagwedezabe mzinda wonse. Mzindawu ndi wothithikana kusiyana ndi Lilongwe, moti wokhala ku Ndirande kapena ku Chitawira angathe kufika m'tauni wapansi ndalama ya minibasi ikasowa, chinthu chomwe wokhala ku Area 25 wogwira ntchito ku Capital Hill sangachiyerekeze.

Zomba, yomwe ambiri ankaganiza kuti ifa likulu likachoka, idapulumuka kaamba ka sukulu ya ukachenjede ya Chancellor yomwe idasamukira kumeneko mu 1973, pamodzi ndi asilikali a ku Cobbe, bungwe la mayeso la MANEB, ofesi ya kalembera, malo osindikizira mabuku a boma ndi nyumba yosungiramo mbiri ya dziko. Ndi mzinda wabata, ndipo alipo ogwira ntchito m'boma omwe adakafika kumeneko akunyinyirika koma adapumira ntchito komweko mwakufuna kwawo.

Dziko la Tanzania lidadutsa m'njira yofanana. Ganizo losamutsira likulu ku Dodoma lidapangidwa mu 1973, koma mtsogoleri wa dzikolo, malemu John Magufuli, adakakhazikika kumeneko mu 2019, ndipo Dar es Salaam ikadali chimake cha malonda ndi zisangalalo.

Mbiriyi ili ndi phunziro kwa wogwira ntchito yemwe akuganiza zosamuka. Chikoka cha mzinda chimalondola ndalama, ndipo chimasangalatsa yemwe ali ndi ndalamazo. Apa m'pomwe masamu a wogwira ntchito m'boma amavutira, chifukwa malipiro a giredi imodzi ndi ofanana ku Chitipa ndi ku Capital Hill, pamene mitengo ya zinthu si yofanana. Mphunzitsi wa kumudzi yemwe amalandira kangachepe kapadera kaamba kogwira ntchito kumadera ovuta amataya kangachepeko tsiku lomwe wafika kutauni.

Nyumba ndiyo imadya gawo lalikulu. Kuboma, wogwira ntchito ambiri amakhala m'nyumba ya pasukulu, ya pachipatala kapena ya lendi yotsika mtengo, pafupi ndi ofesi. Mumzinda, nyumba za Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1964, ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi ozifuna, ndipo wongofika kumene sayenera kuziwerengera. Amagwa m'manja mwa eni nyumba omwe kawirikawiri amafuna lendi ya miyezi itatu nthawi imodzi, ndi maejenti omwe amalipiritsa ngakhale kungokuonetsa nyumbayo. Nyumba zokhala pafupi ndi maofesi, monga za ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 ku Lilongwe kapena ku Namiwawa, Nyambadwe ndi Sunnyside ku Blantyre, si za munthu wa giredi yapakati. Iyeyu amakapezeka ku Area 36, Area 25, Chinsapo, Machinjiri, Bangwe kapena Lunzu.

Kutalika kwa malowo kumabala bilu yachiwiri. Ambiri ogwira ntchito ku Capital Hill amakwera minibasi ziwiri popita ndi ziwiri pobwerera, yoyamba yokawasiya kudepoti ya m'tauni yakale ndi ina yokwera kumtunda. Akachedwa amawonjezerapo kabaza. Mafuta akasowa, monga momwe zidakhalira kangapo mu 2024 ndi 2025, mtengo wa minibasi umakwera tsiku lomwelo ndipo sumafulumira kutsika. Mnzawo wa ku Ntchisi nthawi imeneyo amakhala akupita kuntchito wapansi kapena panjinga yakapalasa, ndipo masana amakadya kunyumba.

Chakudya nacho chimasiyana. Wogwira ntchito kuboma amabwereka munda, kulima chimanga ndi mtedza, kapena kugula matumba angapo nthawi yokolola mitengo ili pansi. Amaweta nkhuku, ndipo ndiwo zamasamba zimachokera kudimba la pafupi. Mumzinda chilichonse n'chogula, kuyambira ufa, makala, tomato mpaka madzi a pakiyosiki. Pomwe mphamvu ya kwacha idachepetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, onse adamva kupweteka, koma banja lodalira sitolo pa chilichonse lidamva msanga kuposa banja lokhala ndi nkhokwe.

Palinso mtolo womwe sulembedwa pa bajeti ya banja lililonse koma aliyense wokhala mumzinda amaudziwa. Nyumba ya kutauni imasanduka pofikira abale onse: wodwala yemwe watumizidwa kuchipatala chachikulu cha Kamuzu kapena cha Queen Elizabeth ndi womudikirira wake, mphwake wofuna ntchito, mlamu wodzapangitsa pasipoti, mwana wa achimwene wodzabwereza Folomu 4. Mwambo sulola kuwabweza. Walira mvula walira matope, ndipo si zachilendo kuona munthu yemwe adasamukira mumzinda pofuna kusangalala akuthera Loweruka lililonse pakhomo, pepala la malipiro litadzaza ndi ngongole zodulidwiratu, kumapeto kwa mwezi n'kumazemba a katapila.

Nyumba zotsika mtengo m'mizinda zili ndi chiopsezo chakenso. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, anthu ambiri omwe adafa mumzinda wa Blantyre adali a m'madera a m'munsi mwa phiri la Soche monga Chilobwe, komwe matope ndi miyala zidakokolola nyumba. Ku Lilongwe, madera a m'mbali mwa mitsinje ya Lingadzi ndi Lilongwe amavutika ndi madzi osefukira mvula ikachuluka. Mu Januwale 2023 boma lidachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda iwiriyi kaamba ka mliri wa kolera. Madzi ambiri a mumzinda wa Blantyre amapopedwa kuchokera mumtsinje wa Shire ku Walker's Ferry kukwera mtunda wautali, ntchito yomwe imadalira magetsi, ndipo ngakhale madzi a ku Likhubula m'boma la Mulanje adayamba kuthandizira mu 2019, madera okwera amadziwa bwino mipopi youma. Wofuna nyumba ayenera kufunsa anthu oyandikana nayo za madzi ndi za mvula asadapereke lendi.

Zonsezi sizikutanthauza kuti kusamukira mumzinda n'kulakwitsa. Pali zinthu zomwe zimapezeka kumeneko kokha, ndipo zina mwa izo n'zoyenera kuzivutikira.

Choyamba ndi maphunziro. Kukwezedwa pantchito m'boma kumadalira malo opanda munthu, mayeso a pakamwa ndi mapepala a sukulu. Wogwira ntchito wa dipuloma yemwe akufuna digiri amapeza makalasi a madzulo ndi a kumapeto kwa sabata ku MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, ku LUANAR ku Lilongwe, ku sukulu ya Malawi School of Government ku Kanengo ndi ku Mpemba, ndi m'sukulu zaukachenjede zomwe si zaboma. Kwa munthu wotere, zaka zitatu kapena zinayi za kuvutika ndi lendi zili ndi mathero ake ooneka. Chachiwiri ndi chipatala. Banja lomwe lili ndi wodwala impso, khansa kapena mtima wofunika kuonedwa ndi madotolo akuluakulu pafupipafupi silingauzidwe kuti lipirire ku Nsanje.

Chachitatu, chomwe nthawi zambiri ndicho chimagamula nkhani yonse, ndi ntchito ya mnzake wa m'banja. Banja la malipiro awiri, kapena lomwe mmodzi ali ndi geni yodalirika, limakwanitsa moyo wa mumzinda ndipo limasangalala nawo. Banja la malipiro amodzi limangouonera patali. Komanso geni ya mayi yomwe idakhazikika pamsika wa kuboma, pomwe makasitomala amamudziwa ndi dzina, siyisamuka pamodzi ndi katundu wa m'nyumba. Ku Limbe kapena ku Tsoka imayenera kuyambanso pakati pa anthu mazana ogulitsa zomwezo.

Ena amawerengeranso maalawansi, poganiza kuti wokhala pafupi ndi likulu ndiye amamva msanga za misonkhano ndi maulendo. Pali choona pang'ono m'menemo, ngakhale n'zoseketsa kuti misonkhano yambiri yotereyi imachitikira ku Mponela, Salima, Liwonde ndi Mangochi, kunja kwa mizinda yomwe anthu akulimbirana. Koma maboma otsatizana akhala akuchepetsa maulendo ndi misonkhano ya kunyanja nthawi iliyonse chuma chikavuta. Kubwereka nyumba podalira ndalama yomwe kalata imodzi ya mlembi wamkulu wa boma ingathe kuimitsa ndi kudziika m'mavuto.

Njira yomwe ambiri amasankha likulu likasamuka ndi yokhala ndi makomo awiri. Bambo kapena mayi amapita yekha kukabwereka kachipinda pafupi ndi ofesi, banja n'kutsala. Mabasi a Lachisanu madzulo ndi Lamulungu masana pamsewu wa M1, womwe ndi wa makilomita oposa 300 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, amadzaza ndi anthu amenewa. Njirayi imateteza sukulu ya ana ndi ntchito ya wotsalayo, ndipo ndi yanzeru ikakhala ya miyezi yowerengeka. Ikafika zaka, lendi ziwiri, mapoto awiri ndi thiransipoti ya mlungu ndi mlungu zimaposa mtengo wosamutsa banja lonse. Ankhoswe ndi atsogoleri a mipingo amadziwa zinanso zomwe zimaonongeka m'banja lotere zomwe sizilembedwa pa risiti.

Ovutika kwambiri ndi omwe adakhulupirira kuti ofesi yawo yakhazikika, nagula malo ndi kuyamba kumanga ndi ngongole. Kugulitsa nyumba yosamalizidwa mofulumira kumataitsa ndalama. Kuibwereketsa n'kwabwinopo, koma lendi yolandira kuchokera ku nyumba ya kunja kwa mzinda wina siifanana nthawi zonse ndi lendi yolipira mumzinda winawo, ndipo nyumba yomwe mwini wake ali kutali imaonongeka msanga. Likulu lomwe lasuntha kawiri m'zaka zochepa likuonetsa kuti malo omanga nyumba ya moyo wonse ndi bwino kuwasankha poona komwe banja likufuna kudzapumira, chifukwa adiresi ya ofesi ingathe kusinthanso.

Nalo boma lili ndi mbali yake pa nkhaniyi. Malamulo a ntchito za boma amanena kuti wogwira ntchito angathe kutumizidwa kulikonse m'dziko muno, koma kwa zaka zambiri thiransifa zakhala zikulowera mbali imodzi. Kalembera wa mu 2018 adaonetsa kuti mwa anthu 17,563,749 a m'dziko muno, pafupifupi 16 mwa 100 alionse ndiwo amakhala m'mizinda ndi m'matauni. Otsalawo ali kumudzi, komwe kuli sukulu za ana ochuluka pa mphunzitsi mmodzi ndi zipatala zazing'ono zoyendetsedwa ndi anthu awiri kapena atatu. Chizolowezi chosamutsa aphunzitsi aakazi potsatira amuna awo, chomwe cholinga chake n'chabwino, chidathandizira kuti sukulu za m'mizinda zikhale ndi aphunzitsi ambiri pamene za kumidzi zikusowa. N'chifukwa chake pempho la thiransifa masiku ano limayenda msanga ngati wopemphayo wapeza mnzake wa giredi yomweyo woti asinthane naye, ndipo ofuna kuchoka mumzinda kupita ku Neno ndi osowa.

Kukaniza thiransifa kokha sikungathetse vutoli, chifukwa munthu wokakamizidwa amakhalapo ndi thupi lokha, maganizo ali kwina. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono, zonse za mu 1998, zidasamutsira ntchito zambiri kumakhonsolo, ndipo zimenezi zidasintha phindu la kugwira ntchito kuboma. Wachinyamata yemwe ku Capital Hill akadakhala mmodzi mwa ambiri olemba makalata oti ena asayinire, kukhonsolo amapezeka akuyendetsa nthambi, kukonza bajeti, kuyankha mafunso a makhansala ndi mafumu ndi kuyang'anira ntchito zachitukuko. Pa mayeso a pakamwa, munthu wotere amakhala ndi zonena.

Kusiyana kwa moyo wa kuboma ndi wa mumzinda kwachepanso pa zinthu zina. Lamya za m'manja, Airtel Money ndi Mpamba, kanema wa pasetilaiti ndi maphunziro a patali kudzera pa intaneti zafika m'maboma onse, ndipo msewu wa tala wa Karonga–Chitipa udafupikitsa ulendo womwe kale unkaopedwa. Komabe sikoyenera kunamizira kuti maboma onse ndi ofanana. Kasungu, Mangochi kapena Karonga ndi matauni a malonda ndithu, pamene wogwira ntchito ku Likoma amadalirabe sitima ndi maboti, ndipo wa kumapiri a Neno amadziwa zomwe mvula imachita ndi misewu ya kumeneko.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, adaika kukula kwa mizinda ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu, pamodzi ndi ulimi wamalonda ndi mafakitale. Pansi pa masomphenyawa pali dongosolo lokweza malo asanu ndi atatu kuti akhale mizinda yapakati: Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza komanso Bangula. Mbiri ya Lilongwe ikusonyeza kuti zoterezi n'zotheka, ikusonyezanso kuti zimatenga zaka makumi ndipo zimafuna kuti boma liyambe ndilo kuikako maofesi, madzi, magetsi ndi anthu a malipiro. Wogwira ntchito wa zaka 45 sangadikire Bangula kuti asanduke mzinda. Wa zaka 28 yemwe ali ku Salima kapena ku Liwonde, komwe malo omangapo akadali otsikirapo mtengo kuyerekeza ndi ku Lilongwe, ali ndi chifukwa choganizira kawiri asadalembe kalata yopempha kuchoka.

Kwa omwe alibe mwayi wosankha poti ofesi ndiyo yasamuka, nkhani yaikulu ndi nthawi. Lamulo la mu Okutobala 2025 lidatuluka patangotha masabata ochepa chaka cha sukulu chitayamba mu Sepitembala. Mwana wa Sitandade 8, Folomu 2 kapena Folomu 4 amalembetsa mayeso a MANEB pasukulu yomwe akuphunzira, ndipo kumusamutsa pakati pa chaka kumasokoneza kalembetsedweko komanso maphunziro ake. Malo m'sukulu za sekondale za boma za m'mizinda sapezeka mwachisawawa, pamene sukulu zomwe si zaboma zimafuna fizi ya teremu yonse, ndalama yolembetsera ndi yunifolomu yatsopano. Makolo ambiri otere amaona kuti n'kwabwino kuti mwanayo amalize chaka komwe ali, ngakhale zitatanthauza makomo awiri mpaka mayeso atatha.

Akuluakulu oona za ogwira ntchito m'nthambi iliyonse yomwe ikusamuka angachepetse mavutowa pofotokozera antchito awo msanga komanso polemba: tsiku lenileni loyambira ntchito kumalo atsopano, ndalama yothandizira kusamuka yomwe aliyense ayenera kulandira ndi nthawi yomwe ilipiridwe, galimoto yonyamula katundu, ndi ngati ofesi ya nthambiyo yotsala mumzinda wakale ingasunge ena mwa omwe ali ndi odwala kapena ana olemba mayeso. Antchito a magiredi apansi monga madalaivala, amesenjala ndi alonda ndiwo ayenera kuganiziridwa poyamba, chifukwa lendi ya miyezi itatu yomwe mwini nyumba wa ku Chilomoni kapena ku Chinamwali angafune tsiku loyamba ingathe kumeza malipiro awo onse a mwezi umenewo.